Lenzi Kapena Kalilole: Mbiri ya Telesikopu ya Munthu Wamba

Munthu amene wasunga kandalama kuti agule telesikopu yake yoyamba amakumana ndi funso limene ogulitsa amalifunsa ngati laling'ono: mukufuna ya lenzi, ya kalilole, kapena yophatikiza ziwirizi? Funsoli lakhala likuzunguza anthu mitu kwa zaka zoposa 350. Mtundu uliwonse umene uli pamsika lero unabadwa chifukwa wina anatopa ndi chilema cha mtundu umene unalipo kale, ndipo zilemazo sizinathe, zimangosinthana malo. Amene akudziwa kumene zinachokera sapusitsidwa msanga ndi zolembedwa pa katoni.

Mu Okutobala 1608, Hans Lipperhey, mmisiri wa magalasi a maso wa m'tauni ya Middelburg ku Netherlands, anapempha boma kuti limupatse chikalata choti iye yekha ndiye azipanga chida choonera zinthu zakutali. Chinali chubu chokhala ndi malenzi awiri, chokulitsa zinthu katatu kokha. Boma linakana, pakuti pasanathe milungu ingapo Jacob Metius wa ku Alkmaar anatulukira ndi pempho lomwelo, ndipo zinaonekeratu kuti aliyense wodziwa kupera magalasi angathe kuchipanga. Akuluakuluwo maganizo awo anali pa nkhondo, kuona adani ndi zombo zisanafike. Koma mu Julayi 1609 Thomas Harriot ku England anali atalozetsa kale chida chotere ku Mwezi n'kujambula zimene anaona, ndipo ku Padua, Galileo Galilei, atangomva mbiri yake, anayamba kupera malenzi ake. Chaka chisanathe anali ndi telesikopu yokulitsa pafupifupi ka 20. Pa 7 Januwale 1610 anaona tinyenyezi titatu pambali pa Jupiter, patapita masiku ochepa tinakhala tinayi, ndipo anazindikira kuti ndi miyezi yozungulira pulanetilo. Anaona mapiri pa Mwezi, anaona kuti Mlalang'amba ndi khamu la nyenyezi zosawerengeka, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho anaona kuti Nthanda imakula n'kuphwa ngati Mwezi.

Chida chimene chinachita zonsezi chinali chofooka kwambiri tikachiyerekeza ndi za masiku ano. Kamwa yake inali ya masentimita ochepa, ndipo inkaonetsa kachigawo kakang'ono ka thambo moti ngakhale Mwezi sunkakwana wonse nthawi imodzi. Bainokula wamba ya 10x50 imatola kuwala kochuluka kuposa pamenepo. Saturn inamusokoneza Galileo mpaka imfa yake: ankaona ngati mipira itatu yogundana, osadziwa kuti ndi mphete.

Vuto lalikulu la lenzi linali mitundu. Galasi limapinda kuwala kwa buluu kwambiri kuposa kofiira, choncho mitunduyo sikumana pamalo amodzi, ndipo chinthu chilichonse chowala chimaoneka chitavala kautawaleza m'mphepete. Mankhwala amene amisiri a nthawiyo anapeza anali kupera lenzi yosapindika kwambiri, koma lenzi yotero imasonkhanitsa kuwala patali, ndiye chubu chinayenera kutalika. Christiaan Huygens anapeza Titan, mwezi wa Saturn, mu 1655 ndi telesikopu yotalika mamita atatu ndi theka, ndipo mu 1659 anafotokoza za mphete ija. Ena anapitirira. Johannes Hevelius, wofulula mowa wolemera wa ku Danzig, anamanga yotalika pafupifupi mamita 45, yopachikidwa pa mlongoti ndi zingwe, yofuna gulu la amuna kuti aitembenuze. Kamphepo kakangodutsa, chinthu chonsecho chinkangoti gwedegwede, nyenyezi n'kusowa. Anaigwiritsa ntchito mwa apo ndi apo. Chilema cha Hevelius chikadali moyo m'matelesikopu otchipa ambiri a lero: galasi labwinobwino litakhala pa timiyendo tonjenjemera, loti ukangolikhudza kuti uone bwino, chimene umayang'ana chathawa.

Isaac Newton ataphunzira mmene kuwala kumagawikira m'mitundu, anagamula kuti lenzi singachiritsidwe. Apa analakwitsa, koma kulakwitsako kunabala chinthu chabwino. Mu 1668 anapanga telesikopu imene m'malo mwa lenzi yakutsogolo inali ndi kalilole wokumbika pansi pa chubu. Kalilole amabweza mitundu yonse mofanana, kotero utawaleza uja kulibe. Kuti mutu wa woonera usatseke kuwala, Newton anaika kakalilole kena kafulati, kopendekeka, pafupi ndi kamwa ya chubu, kotembenuzira kuwalako kumbali kumene kuli kalenzi kapadiso. Chida chonsecho chinali chotalika masentimita 16 okha, kalilole wake masentimita atatu ndi pang'ono, koma chinkakulitsa pafupifupi ka 40. Atatumiza china ku Royal Society ku London kumapeto kwa 1671, anasankhidwa kukhala membala mu Januwale 1672. James Gregory anali atalemba kale za mtundu wina wa kalilole mu 1663, ndipo mu 1672 Mfalansa Laurent Cassegrain anatulukira wina, wobweza kuwala kudzera pa bowo la pakati pa kalilole wamkulu. Mayina atatuwa akadali pa matelesikopu mpaka lero.

Kalilole wa nthawi imeneyo sanali wa galasi. Anali wa mkuwa wosakaniza ndi tini, chitsulo chophweka kusweka, chobweza magawo awiri okha mwa atatu a kuwala, chochita dzimbiri pakangopita miyezi. Kuchotsa dzimbirilo kunali kupukuta chitsulo chenichenicho, ndipo kupukutako kunkawononga kukumbika kumene mmisiri anakuvutikira. N'chifukwa chake lenzi sinafe. Cha m'ma 1733 loya wina wa ku England, Chester Moor Hall, anazindikira kuti ukaphatikiza malenzi awiri a magalasi osiyana, lina lokhala ndi mtovu lina lopanda, mitundu ija imabwereranso pamodzi. Pofuna kusunga chinsinsi, anaoda lenzi imodzi kwa mmisiri wina, inzake kwa mmisiri winanso. Tsoka ilo, onse awiri anapereka ntchitoyo kwa munthu mmodzi, George Bass, amene anaika malenziwo pamodzi n'kuona chimene chinkachitika. Nkhaniyo inafika kwa John Dollond, amene anatenga chikalata cha umwini mu 1758 n'kuyamba kugulitsa. Telesikopu ya lenzi inafupika mpaka kukwana patebulo. Koma galasi loyera bwino la mtovu linali lovuta kupeza lalikulu, choncho kwa zaka zambiri malenzi otere sankapitirira masentimita 10 kapena 12.

Munthu amene anaonetsa dziko chimene kalilole angachite sanali katswiri wa payunivesite. William Herschel anabadwira ku Hanover mu 1738, anasamukira ku England ali mnyamata, ndipo ankadya za nyimbo: kuyimba limba m'tchalitchi china ku Bath ndi kuphunzitsa ana a anthu olemera. Mu 1773 chidwi cha nyenyezi chinamugwira. Anabwereka katelesikopu, sikanamukwanire, ndipo atafunsa mtengo wa yaikulu anaona kuti sangaifikire. Ndiye anayamba kupanga yekha. Mlongo wake Caroline, amene anabwera kudzakhala naye mu 1772, analemba mmene zipinda za m'nyumbamo zinasandukira malo a ntchito. Zikombole zothiramo chitsulo chosungunuka ankaziumba ndi ndowe zouma za akavalo, ndipo ndowezo zinkayenera kusinjidwa mumtondo n'kusefedwa, ntchito imene Caroline anaigwira maola ambirimbiri. Popukuta kalilole, William sankafuna kuchotsapo manja poopa kuti chitsulo chikazizira ntchito iwonongeka. Tsiku lina anagwira maola 16 osapuma, mlongo wakeyo akumudyetsa pakamwa ngati mwana. Mu 1781 anayesa kuumba kalilole wamkulu m'chipinda chapansi, ng'anjo inadontha, chitsulo chamoto chinakhuthukira pa miyala ya pansi, miyalayo n'kuyamba kuphulika, anthu onse n'kuthawira panja.

Usiku wa pa 13 Marichi chaka chomwecho, ali m'munda wa kuseri kwa nyumba nambala 19 New King Street, anaona kanthu kooneka ngati kambale kakang'ono pakati pa nyenyezi zimene zimangooneka ngati timadontho. Anayesa nyenyezi yamchira. Linali pulaneti la Uranus, loyamba kupezedwa ndi telesikopu. Chida chake chinali cha mtundu wa Newton, chubu cha matabwa cha mamita awiri, kalilole wa masentimita 16. Ndikufuna woganiza zogula asunge nambala imeneyi, chifukwa kalilole wa masentimita 15 ndi amene masiku ano amatchedwa wa ongoyamba kumene, ndipo amabweza kuwala kochuluka kuposa wa Herschel.

Mfumu George III inamupatsa malipiro a mapaundi 200 pa chaka, kenako ndalama zomangira chimphona cha mamita 12 ku Slough, chokhala ndi kalilole wa masentimita 122, chimene chinatha mu 1789. Anthu ankabwera kuchokera kutali kudzachiona. Koma chinkafuna antchito oti azichitembenuza, kalilole wake ankachita dzimbiri msanga, ndipo Herschel mwiniwake ntchito yake yambiri anaigwira ndi ina yocheperapo, ya mamita 6. Caroline naye, ndi timatelesikopu tating'ono timene mchimwene wake anamupangira, tosavuta kusesa nato thambo, anapeza zambiri mwa nyenyezi zamchira 8 zimene anatulukira pakati pa 1786 ndi 1797. M'banja limodzi lomweli, chida chachikulu chinapatsa anthu mbiri yokamba, zida zonyamulika ndi zimene zinagwira ntchito usiku ndi usiku.

Thambo limene timaliona kuno kum'mwera linawerengedwa mwadongosolo ndi chida chaching'ono kuposa zonsezi. Wansembe wa ku France, Nicolas-Louis de Lacaille, anakhala ku Cape Town kuyambira 1751 mpaka 1753, ndipo ndi lenzi ya mamilimita 13 okha analemba malo a nyenyezi pafupifupi 10,000. Kuona maso a nkhono n'kudekha. John Herschel, mwana wa William, anafika ku Cape mu 1834 ndi telesikopu ya mamita 6 ya mtundu wa bambo ake, ndipo kwa zaka zinayi anasesa thambo la kum'mwera, Mitambo ya Magellan ndi zonse. Mnzake wapamtima kumeneko anali Thomas Maclear, mkulu wa Royal Observatory ya ku Cape, amene pambuyo pake anathandiza David Livingstone kuphunzira kupeza malo pogwiritsa ntchito Mwezi ndi nyenyezi, namawerengera miyeso imene Livingstone ankatumiza ali paulendo. Cape Maclear ya ku Mangochi inatchedwa dzina la munthu ameneyu.

Kalilole wachitsulo anafika pachimake mu 1845, pamene Lord Rosse ku Birr, m'dziko la Ireland, anamaliza wa masentimita 183 n'kuona koyamba kuti milalang'amba ina ndi yopotana. Anafunika kuumba awiri, olemera matani angapo aliyense, kuti wina akamapukutidwa wina azigwira ntchito. Kusintha kwenikweni kunabwera mu 1856 ndi 1857, pamene Carl August von Steinheil ku Munich ndi Léon Foucault ku Paris, aliyense payekha, anapera galasi n'kulikuta ndi siliva wopyapyala kwambiri. Galasi ndi lopepuka ndi lotchipa. Siliva amabweza kuwala koposa magawo 90 pa 100, ndipo akada amasungunulidwa ndi mankhwala n'kuikapo wina, kukumbika kwa galasi osakhudzidwa. M'ma 1930 aluminiyamu analowa m'malo mwa siliva. Lenzi inalimbikirabe mpaka 1897, pamene Alvan Clark & Sons anamaliza ya masentimita 102 ku Yerkes, ku America, ndipo palibe inanso yaikulu kuposa iyo imene inagwirapo ntchito yeniyeni yofufuza nyenyezi usiku. Lenzi imagwiridwa m'mphepete mokha, ndiye ikakula imalendewera ndi kulemera kwake. Imafuna nkhope zinayi zoperedwa bwino ndi galasi lopanda kachitsotso mkati monse. Kalilole amafuna nkhope imodzi, ndipo amachirikizidwa kumsana konse. Chifukwa chomwechi ndi chimene chimachititsa kuti pa ndalama zofanana kalilole akhale wotambalala kawiri kapena katatu kuposa lenzi, ndiponso kuti zimphona zonse za lero zikhale za kalilole, kuphatikizapo SALT ya ku Sutherland ku South Africa, imene inatsegulidwa mu 2005 ndi makalilole 91 olumikizana.

Njira ya Foucault inatsegulira khomo anthu osauka, koma panafunika wina wowalowetsa. Russell Porter, amene anali atapita maulendo angapo ofufuza ku Arctic, anayambitsa mu 1920 kalasi yopera makalilole m'tauni ya Springfield ku Vermont, ophunzira ake ambiri ali ogwira ntchito pa fakitale ya makina ya Jones & Lamson. Gululo linamanga kanyumba paphiri kotchedwa Stellafane, ndipo kuyambira 1926 opanga matelesikopu akhala akukumana kumeneko. Albert Ingalls wa magazini ya Scientific American analemba za iwo mu 1925, makalata anasefukira, ndipo mu 1926 linatuluka buku la Amateur Telescope Making, limene linaphunzitsa anthu zikwizikwi.

Ntchitoyo ndi yoti munthu aione pafupi. Umatenga magalasi awiri ozungulira, ochindikala, ofanana kukula. Lina umalikhomerera pamwamba pa mgolo wodzaza madzi kapena mchenga kuti usagwedere. Umawazapo ufa wokakala wa carborundum ndi madzi pang'ono, n'kuika linzake pamwamba. Kenako umakankha n'kukoka ndi manja awiri, ngati mayi akupera mawere pamphero, koma ukakankha kangapo umapotoza galasi lili m'manjalo pang'ono, iwe n'kusuntha phazi limodzi kuzungulira mgolowo. Popanda kuchita china chilichonse, galasi lapamwamba limakumbika pakati, lapansi limadyeka m'mphepete. Phokoso limayamba lokhadzula, n'kumazilala pamene ufa ukuphwanyika. Umatsuka zonse, ngakhale m'zikhadabo, chifukwa kambewu kamodzi ka ufa wokakala kakatsalira kamakanda ntchito ya mlungu wathunthu, n'kutenga ufa wosalala kuposa woyambawo, kenako wina wosalala kuposanso. Pomaliza umathira phula losungunula pa galasi lapansi, kulidula timabwalo ta makona anayi, n'kupukutira ndi ufa wofiira mpaka nkhope iwale. Poyesa ngati wakumba bwino umagwiritsa ntchito njira imene Foucault anatulukira mu 1858: nyali yobisidwa kuseri kwa kabowo ka singano, ndi lezala. Ukamadula kuwala kobwerera ndi lezalayo, mithunzi imaoneka pa kalilole ngati zitunda ndi zigwa, kuulula zolakwika zochepa kuposa gawo limodzi mwa magawo 10,000 a milimita. Zida za m'khitchini zikuyesa chinthu chimene diso silingachione. Ine pa mbiri yonseyi palibe chimandisangalatsa kuposa chimenechi.

Clyde Tombaugh, mnyamata wa pafamu ku Kansas, anapera kalilole wa masentimita 23 mwa njira imeneyi, choimikapo chake n'kuchilumikiza ndi zitsulo za makina akale a pafamu ndi za galimoto yakutha ya Buick. Zithunzi za Mars ndi Jupiter zimene anajambula ndi pensulo anazitumiza ku Lowell Observatory, anamulemba ntchito, ndipo pa 18 Febuluwale 1930 anapeza Pluto.

Mtundu wachitatu, wophatikiza, unabwera mochedwa. Bernhard Schmidt, wa ku Estonia, amene anaduka dzanja lamanja ali mnyamata, anatulukira mu 1930 ku Hamburg galasi lopyapyala loikidwa kutsogolo kuti likonze zolakwika za kalilole, ndipo Dmitri Maksutov anapeza njira ina yofanana nayo mu 1941 ku Soviet Union. Mu 1970 kampani ya Celestron ku California inatulutsa C8, ya kalilole wa masentimita 20, imene kuwala kwake kumapindidwa mkati moti ntchito ya chubu cha mamita awiri imagwiridwa m'chubu chosakwana theka la mita. Inkalowa m'galimoto, inali ndi mota yotsata nyenyezi, ndipo inasintha msika. Mtengo wake ndi wokwera, galasi lakutsogolo limagwira mame, ndipo imaonetsa kachigawo kochepa ka thambo. Kwa wokonda mapulaneti amene ali ndi ndalama koma alibe malo, ndi yabwino ndithu.

Pofika m'ma 1950, chimene chinkalepheretsa munthu wamba kukhala ndi kalilole wamkulu sichinalinso galasi koma choimikapo. Mwambo unali woti telesikopu yeniyeni ikhale pa chitsulo chopendekeka, cholozetsedwa ku nsonga ya thambo imene nyenyezi zonse zimazungulira, monga anachitira Joseph Fraunhofer ndi telesikopu yake ya ku Dorpat mu 1824. Chitsulo chotero chimafuna zolemera zolinganizira, ndipo kalilole akafika masentimita 30 chonsecho chimafuna maziko a simenti ndi nyumba yake. Amene anaswa mwambowu anali John Dobson. Anabadwira ku Beijing mu 1915, anakulira ku San Francisco, anaphunzira sayansi ya kemisitiri ku Berkeley, ndipo mu 1944 analowa m'nyumba ya amonke ya Vedanta Society, kumene anakhala zaka 23 wopanda khobidi lakelake. Umphawi umenewo ndi umene unapanga telesikopu yake. Galasi analitenga ku mawindo ozungulira a zombo zakutha, lopyapyala kuposa mmene mabuku ankalolera. Chubu chinali cha katoni yolimba imene omanga amathiramo konkire. Choimikapo chinali bokosi la matabwa otayidwa, lozungulira pansi ndi kuwerama mmwamba ndi m'munsi monga umachitira mzinga wa nkhondo. Palibe mota, palibe giya, palibe cholozetsa ku nsonga ya thambo. Umangogwira kamwa ya chubu n'kukankha.

Atayang'ana Mwezi koyamba ndi kalilole wake wa masentimita 30, anatsimikiza mumtima kuti munthu aliyense ayenera kuona zimenezi. Ku Sacramento, kumene amonkewo anamutumiza, ankazemba usiku kukaonetsa anthu a m'mudzimo ndi kuthandiza ana kupera magalasi awo, mpaka mu 1967 anamuchotsa m'nyumba ya amonkeyo chifukwa chosowasowa. Chaka chotsatira iye ndi anyamata awiri amene anawaphunzitsa anayambitsa San Francisco Sidewalk Astronomers. Ankaimika telesikopu pamphambano ya misewu ya Jackson ndi Broderick n'kumaitana aliyense wodutsa, kwaulere. Akatswiri poyamba anamunyoza kuti zida zake n'zosalongosoka, ndipo pa nkhani ya chiyambi cha chilengedwe anali ndi maganizo amene asayansi sanawavomereze. Koma sanatenge chikalata cha umwini pa chida chake, ndipo anaphunzitsa mpaka ukalamba, kufikira imfa yake mu Januwale 2014 ali ndi zaka 98. Mu 1980 kampani ya Coulter inayamba kugulitsa telesikopu ya mtundu wake ya masentimita 33 pa mtengo wosakwana madola 500. Mu Julayi 1995 Thomas Bopp, amene analibe telesikopu yakeyake, anasuzumira mu ya mnzake yopanga yekha, ya masentimita 44, m'chipululu cha Arizona, n'kuona nyenyezi yamchira imene inadzatchedwa Hale-Bopp.

Chimene Dobson anamvetsa ndi masamu osavuta. Telesikopu ntchito yake yoyamba ndi kutola kuwala, ndipo kuwalako kumachuluka molingana ndi kutambalala kwa galasi kuchulukitsa ndi mwini wake. Mboni ya diso la wachinyamata mumdima imatseguka mamilimita 7. Lenzi ya mamilimita 70 imatola kuwala kuwirikiza ka 100, kalilole wa mamilimita 200 kupitirira ka 800. Kukulitsa ndi nkhani ina, yodalira kalenzi kapadiso: telesikopu yosonkhanitsa kuwala pa mamilimita 1,200, ukaikapo kalenzi ka 25 imakulitsa ka 48, ukaikapo ka 10 imakulitsa ka 120. Malire ake ndi pafupifupi kuwirikiza kawiri mamilimita a galasi lalikulu, ndipo usiku wambiri mpweya wa mumlengalenga sulola kupitirira ka 200. Choncho katoni yolembedwa 525x pa katelesikopu ka mamilimita 60 ikunama poyera. Katelesikopu kotero kakapitirira ka 120 kamangoonetsa chimbuuzi chakuda chonjenjemera, ndipo ana ambiri amene akanakonda nyenyezi anazitaya usiku umodzi chifukwa cha mphatso yotereyi. Mphete za Saturn zimaoneka kale pa 40 kapena 50. Ndipo kagalasi kakuda kolembedwa kuti n'koonera Dzuwa, komangirira pa kalenzi kapadiso, n'kofunika kukataya: kamang'aluka ndi kutentha diso lili pomwepo.

Lenzi ili ndi ubwino wake umene sindingaubise. Chubu chake n'chotseka, fumbi sililowa, sichifuna kulinganizidwa, ndipo ya masentimita 8 kapena 10 imaonetsa Mwezi ndi mapulaneti mwakuthwa. Jack Bennett wa ku Pretoria anapeza nyenyezi yamchira yowala kwambiri mu Disembala 1969 ndi lenzi ya masentimita 12 ndi theka, ali kuseri kwa nyumba yake. Yuji Hyakutake wa ku Japan anapeza yake mu 1996 ndi bainokula yaikulu, ndipo bainokula wamba ndi poyambira pabwino kwa aliyense: Nsangwe, Mitambo ya Magellan ndi mtambo wa Eta Carinae zimakongola m'menemo kuposa m'matelesikopu ambiri. Malenzi amakono a galasi lapadera anathetseratu utawaleza uja, koma mtengo wa imodzi ya masentimita 10 ungagule makalilole angapo a masentimita 20.

Komabe wondifunsa za telesikopu yoyamba ndimamuuza ya Dobson, ya masentimita 15 kapena 20, ndipo kuno kwathu pali chifukwa china chowonjezera. Mabuku ambiri a malangizo amalembedwera anthu a kumpoto, amene amalozetsa chitsulo chopendekeka chija ku Polaris, nyenyezi yowala. Ku Malawi ndi ku Zambia Polaris ili pansi pa chizimezime, sioneka n'komwe, ndipo nyenyezi ya ku nsonga ya kum'mwera, Sigma Octantis, ndi yozilala moti diso limavutika kuipeza, komanso ili m'munsi, kumene kumakhala fumbi ndi utsi. Bokosi la Dobson silifuna zonsezo, silifunanso magetsi. Zimene thambo lathu lili nazo zochuluka, monga Omega Centauri ndi 47 Tucanae, magulu a nyenyezi zikwi mazanamazana, ndi zinthu zofuna galasi lotambalala: pa masentimita 6 zimaoneka ngati kaufa, pa masentimita 20 zimamwazika kukhala nyenyezi imodziimodzi. Nyengo yabwino ndi ya chisanu, Meyi mpaka Julayi, pakati pa Mlalang'amba pakudutsa pafupi ndi pamutu, utsi wa moto wa m'tchire usanadetse thambo. Zovuta zake ziliponso. Ya masentimita 20 imalemera pafupifupi makilogalamu 20. Makalilole ake amafuna kulinganizidwa nthawi ndi nthawi ndi tizomangira titatu ta kumsana. Pa 120 pulaneti limadutsa n'kutuluka pasanathe mphindi ziwiri, uyenera kumalitsatira ndi dzanja, ndipo kujambula nayo zinthu zozilala sikutheka.

Posachedwapa kwabwera mtundu wina wopanda poika diso. Seestar S50, imene inatuluka mu 2023, ili ndi lenzi ya masentimita 5 ndi kamera, imapeza yokha chimene wasankha pa foni, n'kumaunjika zithunzi za masekondi 10 mpaka mitundu imene diso silingaione itaoneka. Kwa wokhala pakati pa magetsi a mumzinda ndi chida chenicheni, sindichinyoza. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti moyo wake uli m'batire, m'foni ndi m'pulogalamu ya kampani, ndipo makampani amafa: Meade, imene inali imodzi mwa zikuluzikulu kuyambira 1972, inatseka mu 2024. Kalilole akatha zaka 10 kapena 20 amangofuna aluminiyamu watsopano. Ndipo popeza chimene chimakweza mtengo woitanitsa Dobson kuchokera kunja ndi kulemera kwa bokosi ndi kutalika kwa chubu, munthu angathe kuitanitsa zinthu zinayi zokha zokwana m'kachikwama: kalilole wamkulu, kakalilole kopendekeka, chogwirira kalenzi kapadiso, ndi timalenzi tiwiri, ka 25 ndi ka 10. Chubu ndi bokosi, kalipentala aliyense wodziwa kudula thabwa molunjika angazikhome atapatsidwa miyeso.